KODI KUPANGA TISITIMA N'KUTAYA NTHAWI?

 Nkhani imene ndadza nayo ena aiona ngati yaing'ono, pakuti ikunenadi za zinthu zazing'ono, ndizo tisitima ta pamtunda timene ena a ife timapanga tsiku Lachitatu masana. Koma ndaona kuti ndikapanda kulankhula tsopano, pamene ndatsala pang'ono kuchoka pasukulu pano, ndidzakhala ndi mlandu kwa ang'ono anga amene ndikuwasiya m'mbuyo. Kwamveka mphekesera yakuti teremu ikudzayi mabungwe ena a ophunzira adzachotsedwa pa mndandanda kuti nthawi yowerenga ichuluke, ndipo nkhaniyi ikamakambidwa, bungwe lathu ndilo limayamba kutchulidwa. Tsono ndati ndifotokoze kumene tinachokera, pamene tafika, ndi chifukwa chake ndikhulupirira kuti kulithetsa kungakhale kulakwa.

Bungwe lathu linabadwa pamene ine ndinali mu Folomu 1, ndipo silinayambe ndi msonkhano kapena kusankha wapampando ayi. Linayamba ndi mkangano. Tsiku lina madzulo titatha kudya, mnzathu wina wochokera ku Balaka anayamba kutisimbira za sitima ya pamtunda yonyamula malasha, nati mabogi ake ndi ochuluka kotero kuti munthu umatopa kuwerenga mchira wake usanaoneke. Ife ana a m'mbali mwa nyanja, amene tinakulira pakati pa mabwato ndi makoka, ambiri tinali tisanaonepo njanji ndi maso athu, tsono tinayamba kumpanikiza ndi mafunso. Wina anati, "Iwe, ngati sitimayo ilibe chiwongolero monga ukuneneramu, nanga imakhota bwanji osagwa?" Mnzathuyo anasowa chonena, ndipo tonse tinamseka kwambiri. Koma iye sanagone nazo. M'mawa mwake, Loweruka, anatola mawaya, zitsekero za mabotolo ndi mabango awiri, napanga kangolo koyenda pa mabangowo, nationetsa kuti gudumu la sitima lili ndi mlomo umene umakhala mkati mwa njanji. Tsiku limenelo anyamata asanu tinaiwala ndi nsima yamasana yomwe.

Tikadakhala tokha, mwina zikadathera pomwepo. Mwayi wathu unali wakuti aphunzitsi athu a sayansi anatipeza tili chogwada pamchenga, ndipo m'malo motikalipira anatifunsa chimene tinali kuchita. Atamva, anatiuza kuti mlomo wa gudumu ndi wongothandiza zikavuta, koma chinsinsi chenicheni chili pa maumbidwe a gudumulo. Anatituma makapu awiri a pulasitiki, nawamata kukamwa ndi kukamwa, nawagubuduza pa mabango athu aja atawapendeketsa pang'ono. Makapuwo anatsika bwinobwino osagwa, ngakhale pamene mabango anali okhota. Kenaka anawamata kunsi ndi kunsi, ndipo nthawi yomweyo anagwera kumbali. Anatifotokozera kuti gudumu la sitima nalonso ndi lonenepa pang'ono chamkati ndi lowonda chakunja, kotero kuti pokhota, gudumu lakunja limayenda pa mbali yake yonenepa ndi kudya mtunda wautali, pamene lamkati liyenda pa mbali yowonda ndi kudya mtunda waufupi. Ine sayansi ndinayamba kuikonda tsiku limenelo, pamchenga, ndisanaikonde m'kalasi.

Chaka choyamba sitima yathu inali yokoka ndi chingwe. Chaka chachiwiri tinapeza kamota m'wailesi yakale ya makaseti, ndipo titavutika milungu yambiri ndi malegeni ndi mabatire, mutu wa sitima wopangidwa ndi chitini unayenda wokha kwa nthawi yoyamba. Unangoyenda mapazi asanu n'kugwa chagada, koma phokoso limene tinachita linamveka mpaka ku bwalo la mpira. Kuyambira pamenepo anzathu anayamba kubwera mmodzimmodzi, ndipo tinalembedwa pa mndandanda wa mabungwe a Lachitatu. Chaka chomwecho atsikana awiri a m'kalasi mwathu anapempha kulowa. Ndikuvomera ndi manyazi kuti ine ndinali mmodzi wa amene anakana, ponena kuti mawaya ndi ntchito ya amuna. Aphunzitsi anatidzudzula, atsikanawo analowa, ndipo pasanathe mwezi mmodzi wa iwo anationetsa kuti khomo la siteshoni yathu linali lalitali kuposa sitima yomwe, pakuti aliyense ankangopanga chake ndi muyeso wa m'mutu mwake. Iye ndiye anatikakamiza kuti zonse zizipangidwa pa muyeso umodzi, ndipo lero ndiye wapampando wathu. Tilipo 26, ndipo 9 mwa ife ndi atsikana.

Chaka chatha tinayesa chinthu chachikulu. Pa zitseko ziwiri zakale tinaumba mtsinje wa Shire, mlatho wa njanji wa pa Liwonde, ndi mphambano ya pa Nkaya pamene njanji zimagawikana. Tinatha miyezi isanu pa ntchito imeneyi. Pa tsiku limene makolo anadzayendera sukulu, anthu anaunjikana mozungulira, ndipo agogo ena amene anagwirapo ntchito ya njanji pa unyamata wawo anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Ana inu mwayesetsa, koma mitanda ya pansi pa njanji mwaitalikitsa, sitima yolemera ingamire pamenepa." Tinakondwa ndi chidzudzulo chimenecho kuposa kuwomba m'manja kwa ena onse. Koma popeza tilibe chipinda, potseka sukulu tinasiya zonsezo pakhonde la nyumba yosungiramo makasu. Titabwerako kutchuthi tinapeza mvula yamphepo yasungunula dongo lonse, ndipo chiswe chamaliza zotsala. Sindikuloza munthu chala, pakuti zipinda pasukulu pano ndi zochepa, ndipo ifenso tinalakwa posakweza zitsekozo pa njerwa. Anzathu ena anagwa mphwayi nachoka. Otsalafe tinayambanso.

Tsono ndiyankhe mawu amene timawamva kawirikawiri. Oyamba ndi akuti zimenezi ndi masewera a ana. Ena amati, "Mnyamata wa ndevu zake n'kumaseweretsa galimoto ya mawaya, kodi alibe manyazi?" Ndi zoona kuti luso limeneli timayamba tili ana, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Galimoto za mawaya za ana a ku Malawi zinatchuka mpaka kunja, kotero kuti mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'dziko muno, anasindikiza buku la ana lotchedwa Galimoto. Alendo anaona luso pamene ife tinangoona zinyalala. Koma funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani luso limeneli timalisiya tikangofika ku sekondale, pa nthawi imene tayamba kuphunzira masamu ndi sayansi zimene zikadalikuza? Tili ngati munthu amene wabzala mtengo wa mango, nauthirira zaka zisanu, naudula pamene wayamba kuchita maluwa.

M'maiko ena sachita motero. Mu mzinda wa London muli bungwe lotchedwa The Model Railway Club, limene linayamba mu 1910, ndipo ndilo lakale kuposa mabungwe onse otere. Olowa m'bungwemo si ana ayi, koma akuluakulu a ntchito zawo. Bungweli linakhala zaka 50 lopanda nyumba yakeyake, kufikira mu 1960 pamene linatsegula Keen House pafupi ndi siteshoni ya King's Cross. Anthu ake ali ndi chifanizo cha dera lina la London chotchedwa Copenhagen Fields, chimene anayamba kuchimanga m'zaka za m'ma 1980 ndipo akhala akuchiwonjezera kwa zaka zoposa 30. Ine ndikamva zimenezi ndimatonthozeka pa za miyezi isanu yathu imene inapita ndi mvula. Ku Hamburg m'dziko la Germany, abale awiri amapasa, Frederik ndi Gerrit Braun, anatsegula malo otchedwa Miniatur Wunderland mu 2001. Mmenemo muli tinjanji totalika makilomita oposa 15 tikaphatikizidwa, ndipo anthu ochokera m'maiko ambiri amalipira ndalama kuti akaone. Anthu ochuluka apeza ntchito pamenepo. Kodi tingati onsewo ndi ana?

Palinso chitsanzo china chimene chiyenera kutikhudza kwambiri ife ophunzira. Mu 1946 ophunzira a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America anayambitsa bungwe lawo, Tech Model Railroad Club. Ena mwa iwo ankakonda kupenta timapiri ndi tinyumba, koma ena ankakonda kukwawa pansi pa tebulo pamene panali mawaya, nalumikiza zipangizo zakale za telefoni kuti tisitima tambiri tiziyenda nthawi imodzi osawombana. Pamene makompyuta atsopano anafika pasukulupo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anyamata a pansi pa tebulo aja ndiwo anali ndi mitu yokonzeka kale kuwamvetsa, ndipo ena a iwo anathandiza kupanga Spacewar! mu 1962, amene ali amodzi mwa masewera oyambirira a pa kompyuta. Anzanga amene mumakonda mafoni, dziwani kuti mizu ina ya zimene mumazinyadirazo ili pansi pa tebulo la tisitima.

Ndiponso amisiri enieni sayamba ndi chinthu chachikulu. M'zaka za m'ma 1870 William Froude anakumba dziwe lalitali ku Torquay m'dziko la England, m'mene ankakokamo tizifanizo ta zombo kuti adziwe mmene chombo chenicheni chidzayendere pamadzi chisanamangidwe. Abale awiri a Wright anayesa timapiko tating'ono tambirimbiri m'bokosi lopitamo mphepo mu 1901, ndipo mu 1903 ndege yawo inauluka. Ife a kunyanja tikudziwa kuwawa kwake chombo chikagonja kwa mphepo. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi anaona chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inagubuduka kumpoto kwa nyanja yathu pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 anatha. Sindikunena kuti kachifanizo kakadaipulumutsa ayi. Ndikungonena kuti funso lakuti chombo chimagubuduka chikatani si funso lachibwana, ndipo malo abwino oyambira kulifunsa ndi m'beseni la madzi, osati pakati pa nyanja mwera utakalipa.

Mawu achiwiri amene timawamva ndi akuti, "Ku Mangochi kulibe njanji, nanga mukuvutikiranji ndi za eni?" Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, pakuti munthu wa kuno akafuna kuona sitima ya pamtunda ayenera kupita ku Liwonde, ku Balaka kapena ku Golomoti. Koma ine nditi kusowa kwa njanjiko ndi mbiri yathu imene tiyenera kuidziwa. Boma lathu lino, limene kale linkatchedwa Fort Johnston, linakhazikitsidwa mu 1891, ndipo linali khomo lolowera kunyanja. Masiku amenewo katundu ankabwera pa mtsinje wa Shire. Pofika pa mathithi, makolo athu ankamusenza pamutu pa ntchito ija ya mtengatenga mpaka ku Matope, kumene ankamukwezanso m'zombo zobwera kuno. Kenaka njanji inadza. Sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, ndipo sitima inayamba kuyenda kuchokera ku Beira osadukiza. Chaka chomwecho njanji yakumpoto inafika ku Salima, kudzera ku Balaka, Golomoti ndi Chipoka. Fort Johnston anatsala pambali. Katundu wa panyanja anayamba kukwerera pa Chipoka, ndipo m'kupita kwa nthawi likulu la sitima za pamadzi linakhala Monkey Bay.

Pambuyo pake njanji inapitirira kukula, koma osatiyang'ana. Mu 1970 inachoka pa Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka pa Nayuchi, nilumikizana ndi ya ku doko la Nacala. Mu 1979 inafika ku Lilongwe, mu 1980 ku Mchinji, ndipo mu 2010 inawoloka malire kufika ku Chipata. Masiku ano sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pa Liwonde kupita ku Nacala. Wophunzira amene wajambula njira zonsezi pa thabwa ndi dzanja lake amadzifunsa yekha mafunso amene buku silimfunsa. Kodi boma lathu likadakhala lotani njanji ikadadzera kuno? Kodi usipa ndi chambo chathu bwenzi zikufika pa mtengo wanji ku Limbe? Kodi simenti ndi feteleza bwenzi tikugula motani? Amene amafunsa mafunso otere ali mu Folomu 2 ndiwo adzakhale ndi mayankho akadzakula.

Komanso amene amati njanji ndi za eni aiwala kuti sitima ya pamtunda ndi sitima ya pamadzi kuno kwathu ndi pachibale. Kwa zaka zambiri sitima za panyanja zinkayendetsedwa ndi kampani ya njanji, poyamba Nyasaland Railways, kenaka Malawi Railways. Ilala imene tonse timaidziwa inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi pa njanji, ndipo inalumikizidwa ku Monkey Bay niyamba kuyenda mu 1951. Kale koposa pamenepo, sitima ya mishoni ya Chauncy Maples inabweranso kuchokera ku Glasgow ili m'zidutswa 3,481, zimene zambiri zinasenzedwa pamutu. Manambala amene analembedwa pa zitsulozo kuti asonyeze cholumikizana ndi chinzake anafufutika, kotero kuti amisiri anachita kuyesa chimodzichimodzi kuno kwa Mponda, kufikira sitimayo inalowa m'madzi mu 1901. Nayonso Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Liuli, inalumikizidwa kuno. Mfuti yake ilipo pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum muli chifanizo cha mbali yake yakutsogolo. Taonani tsono, anzanga: okonza nyumbayo anaona kuti njira yabwino yophunzitsira anthu mbiri ndiyo kumanga chifanizo. Ndipo ntchito yolumikiza tizidutswa kuti patuluke chinthu choyenda inachitika pa gombe lathu lino ndi manja a makolo athu, zaka zoposa 100 zapitazo. Ife tikungotsata mapazi awo. N'chifukwa chake chaka chino tasankha kumanga doko la Chipoka, pamene njanji imakumana ndi nyanja, ndipo Ilala yathu yaing'ono idzaima pamenepo.

Mawu achitatu ndi olemera kuposa onse, ndipo amachokera kwa anthu otifunira zabwino. Iwo amati mayeso a boma salemba za tisitima, ndipo makolo athu amavutika kupeza fizi kuti tidzapeze satifiketi, osati kuti tizikhoma zitini. Mawu amenewa sindingawapeputse. Bambo anga amalowa m'nyanja usiku kuti ine ndikhale pano, ndipo ndikadzalephera mayeso sindidzawaonetsa chitini. Ndivomerenso kuti pakati pathu panali ena amene ankathawira ku bungwe poopa mabuku. Pa chifukwa chimenechi tinapangana tokha lamulo lakuti aliyense amene watsika pa mayeso a teremu ayambe wapuma kufikira atakonza. Bungwe limatidyera maola awiri okha pa mlungu, ndipo ndikadakonda kuti amene amatiwerengera maola awiriwo awerengenso maola amene amathera pa miseche ya m'makonde ndi mikangano ya mpira wa ku Ulaya.

Koma chachikulu n'chakuti maola awiri amenewo si otayika ku maphunziro. Tamverani. Muyeso umene tinasankha ndi umene opanga tisitima ambiri pa dziko lapansi amatsata, wotchedwa HO, ndiye kuti chilichonse chichepe ka 87. Mpata wa pakati pa njanji za kuno kwathu ndi mamilimita 1,067. Mukagawa ndi 87 mupeza 12 ndi pang'ono, ndiye kuti tinjanji tathu tiyenera kutalikirana mamilimita 12. Njanji zambiri za ku Ulaya mpata wake ndi mamilimita 1,435, ndipo n'chifukwa chake tinjanji ta HO togulitsa m'masitolo akunja timatalikirana mamilimita 16.5. Munthu atatipatsa timeneto ngati mphatso tingathokoze, koma sitingakhale njanji ya Malawi. Ilala ndi yaitali mamita 52, kotero yathu iyenera kukhala pafupifupi masentimita 60. Mnzathu wina anafunitsitsa kuti timange mlatho wa Dona Ana, koma titagawa mamita ake 3,677 ndi 87 tinapeza kuti chifanizo chake chingatalike mamita 42, ndipo palibe chipinda pasukulu pano chimene chingakwane. Iye anakhumudwa, koma sadzaiwalanso kagawidwe ka manambala. Momwemonso tinaphunzira kusiyana kwa mabatire olumikizidwa motsatizana ndi olumikizidwa mogundizana, ndi chifukwa chake kamota kamabwerera m'mbuyo mukatembenuza mawaya, ndiponso chifukwa chake sitima imalephera kukwera chitunda chimene galimoto imakwera mosavuta, pakuti chitsulo pa chitsulo chimaterera. Zonsezi zili m'mabuku athu a masamu, sayansi ndi jogirafe. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinazigwira ndi manja, ndipo chimene dzanja lagwira mutu suchedwa kuchisunga.

Mawu achinayi ndi a ndalama. Ndi zoona kuti tisitima topangidwa m'mafakitale akunja ndi todula kwambiri, ndipo palibe mmodzi wa ife amene angakwanitse. Koma ife sitinapemphepo timeneto. Zipangizo zathu ndi bango, chiwale, mapesi, nsungwi, dongo, zitini, malegeni, makatoni ndi mawaya otayidwa. Zida zathu ndi mipeni, tupa imodzi, kasowo kamodzi ndi nyundo yobwereka. Pa za mawaya ndiyenera kunena zoona, pakuti ena amatinena kuti ndife akuba. Zinachitikadi kamodzi kuti mnzathu anadula waya pa mpanda wa dimba la mwini. Tinamperekeza kukapepesa, tinakonza mpandawo, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chobwera ku bungwe mwini wake amanena kumene wachitenga. Ndikhulupirira kuti mwana amene wavutika kumanga mlatho wake ndi kuuona ukuwonongeka sangadzakhale mmodzi wa anthu aja amene amamasula zitsulo pa njanji ndi pa milatho ya boma kuti akagulitse.

Umphawi wa zipangizo usatichititse manyazi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo mu 2002, ndipo zipangizo zake zinali mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala. Anthu a m'mudzi mwake ankamuyesa wamisala, koma lero dzina lake limadziwika pa dziko lonse. Pitani pa msika wa Mangochi mukaone okhoma zidebe ndi mbaula, pitani ku Mpwepwe mukaone okhoma maboti a matabwa. Anthu amenewa ali ndi nzeru m'manja mwawo, ndipo ife timawadutsa ngati kuti kuphunzira kwathu kwatikweza pamwamba pawo. Tonse tikufuna kudzakhala m'maofesi titavala mataye, koma maofesi ndi ochepa, ndipo dziko silingapite patsogolo ndi zolembera zokha. Sitima zikudutsa m'dziko mwathu usana ndi usiku. Zimafuna oyendetsa, okonza mainjini, oyeza misewu ndi omanga milatho. Tikapanda kukonzeka ife, ntchito zimenezi adzagwira ndi ena, ife tili chiimire m'mbali mwa njanji kuwerenga mabogi.

Tsono pempho langa kwa Aphunzitsi Aakulu ndi aphunzitsi onse ndi laling'ono. Choyamba, bungwe lathu lisachotsedwe pa mndandanda. Chachiwiri, tipatsidweko kangodya kamodzi m'chipinda chilichonse chosadontha ndi chokhomeka, kuti zimene zinatichitikira chaka chatha zisachitikenso. Tidzasesamo tokha ndipo tidzasonkherana ya loko. Chachitatu, tiloledwe ulendo umodzi wokaona nyumba ya zinthu zakale ija pa boma, imene ambiri a ife timangoidutsa osalowamo, ndipo ngati kungatheke ulendo wina wa ku Liwonde, kuti amene sanaonepo sitima akaione ndi maso, ndi kuyeza zimene takhala tikungoyerekeza. Kwa akuluakulu amene anaphunzira pano kale ndipo magazini ino idzawapeza, nditi: ngati m'nyumba mwanu muli wailesi yakufa, tupa yakale kapena kasowo kamene simukugwiritsa ntchito, musataye, tikumbukireni.

Kwa inu anzanga ophunzira, makamaka a mu Folomu 1 ndi 2, nditi bwerani Lachitatu mudzaone nokha musanaweruze. Amene mumatiseka, sekani, pakuti ifenso tinayamba ndi kuseka mnzathu wa ku Balaka uja, ndipo lero timamuthokoza. Simufunikira kubwera ndi luso. Bwerani ndi funso, monga tinachitira ife. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pa tebulo lathu pamafunika woumba, wopenta, wowerengera, wodziwa magetsi, ngakhalenso wodziwa kufunsa agogo za mbiri yakale.

Ine ndikuchoka doko la Chipoka lisanathe. Mwina sindidzaona kasitima kathu kakufika pa gombe kudzakumana ndi Ilala. Koma akuluakulu anatinso m'mera mpoyamba, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Bungwe la ku London linadikira zaka 50 kuti lipeze denga lake. Lathu langotha zaka zinayi, ndipo likungopempha kangodya. Ndikadzabweranso kudzacheza pasukulu pano, ndikufuna kudzamva kamota kakulira m'chipinda china, ndi mwana wa mu Folomu 1 akufotokozera mnzake chifukwa chake sitima imakhota yopanda chiwongolero.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wa mu Folomu 4